Nkhafi Ziwiri za a Silasi

Masiku amene Kampani ya Nyasa inkalamulira gombe la Msumba, a Silasi anatha zaka zitatu osaponda m'nyanja. Si kuti inali kutali. Fungo lake ankalimva ali pakhonde, mabwato a anzawo ankawaona akutuluka, koma matenda onjenjemera anali atawagwira manja ndi miyendo. Akati ayende, mapazi ankakakamira pansi ngati aponda ulimbo, thupi n'kupitirira lokha. Anagwa kanayi, ndipo komalizako anang'ambika pamphumi.

Akazi awo, a Rakele, anachita zimene aliyense akanachita. Anazula zitsa, anatola miyala, anabisa mtondo ndi nkhafi, nasesa mpaka bwalo linayera mbee. Koma pabwalo loyeralo ndi pamene mapazi ankakanitsitsa. Mkuluyo anangokhala pamkeka, maso kunyanja, ndipo a Rakele zinkawapweteka mumtima kuona munthu amene kale ankapalasa mpaka ku Likoma akupukwa madzi ali pamphuno pomwepa.

Tsiku lina m'mawa a Hemedi, Msilamu amene anakula limodzi ndi a Silasi, anabwera kudzawazonda, nagoneka nkhafi yawo pakhomo mosaganizira. A Silasi atadzuka kuti awalonjere, anaiyang'ana nkhafiyo, nakweza phazi, naidumpha bwinobwino. Kenako anaumanso.

A Rakele anaona. Anayenda khomo ndi khomo kupempha nkhafi zoti ayale mpaka kugombe, koma asodzi anakana. Ndani sadziwa kuti nkhafi yodumphidwa imathawitsa nsomba? Ngakhale aja okweza mawu kutchalitchi anayang'ana kumbali. A Hemedi okha ndiwo anati nsomba zawo zinathawa kalekale, atenge.

Choncho nkhafi zinali ziwiri, ya a Hemedi ndi yakale ija yobisidwa. A Silasi ankadumpha imodzi, a Rakele n'kutola yam'mbuyo kuika patsogolo, a Hemedi atamugwira mkuluyo pachigongono. Dzuwa linafika pamutu asanamalize kamtunda kamene kale sankakawerengera n'komwe. Sanagwe.

Madzi atawanyowetsa zala zakumapazi, a Silasi sanacheuke.

"Ikaninso patsogolo, amake Hana," anatero kwa akazi awo.

Patsogolo panalibenso mchenga. A Rakele anaima ndi nkhafi ija, misozi ili mbwembwembwe, kenako anaiika m'manja mwa amuna awo. Zala zinaifumbata, kunjenjemera kunayamba kwaleka, ndipo mkuluyo anaiviika m'madzi, napalasa kamodzi ali chiimire.