Dzanja la Kinue

Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi ntchito yanga inali yokonza manja a anthu. Musaganize kuti ndinali dokotala. Ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri pa kampani yosindikiza mabuku ya Halud Pakhi, pamwamba pa sitolo ya mapepala mu College Street, muno mu Kolkata. Zida zanga zinali burashi, inki yakuda ndi penti yoyera.

Zinayamba ndi Nirmalya Ghoshal, mwini kampaniyo. Mkulu ameneyu anapita ku Japan kamodzi kokha, mu 1995, n'kubwerako ndi chimfine komanso sutikesi yodzaza ndi mabuku a nkhani za zithunzi. Anapeza chilolezo choti aziwamasulira m'Chibengali. Koma mabuku a ku Japan amayambira kumene ife timati kumapeto, ndipo zithunzi zake zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Nirmalya-da, monga tinkamutchulira mwaulemu, anati mwana wa kuno sangapirire zimenezo, choncho tsamba lililonse tinkalitembenuza kuti lioneke ngati lili pagalasi.

Buku loyamba litangofika m'makomo, makalata anayamba kugwa ngati mvula. Tsamba ukalitembenuza, aliyense m'nkhanimo amasanduka wamanzere: kudya ndi lamanzere, kupatsa agogo tiyi ndi lamanzere, kulandira mphatso ndi lamanzere. Mphunzitsi wina wa ku Howrah anatilembera masamba anayi, kufunsa ngati cholinga chathu chinali choti ana azidya ndi dzanja limene amapita nalo kuchimbudzi.

Nthawi imeneyo ine ndinkangolemba mawu a anthu olankhula m'zithunzimo. Nirmalya-da anabwera ndi kalata ija n'kuiponya patebulo langa.

"Tapati, iwe si umatha kujambula? Manja awa uwakonze. Aliyense azidya ngati munthu woleredwa."

"Aliyense, Nirmalya-da? Mukudziwa kuti m'buku limodzi muli manja angati?"

"Ndiye ukufuna ndiwawerenge ineyo? Yamba basi. Tiyi ndizikugulira."

Tiyiyo anagula sabata imodzi yokha. Manja ndinakonza mpaka imvi.

Chimene sindinauze munthu n'chakuti ine ndinabadwa wamanzere. Azakhali anga, amene anandilera mayi atamwalira, ankandimangirira dzanja lamanzere m'chiuno ndi nsonga ya sari, nsalu yawo yakale yovala, nthawi iliyonse ya chakudya. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri ndinali nditawongoka, monga ankanenera iwo. Ndinkadya ndi lamanja, kulonjera ndi lamanja, kulemba ndi lamanja. Koma mzere wabwino wa burashi unkatuluka kulamanzere kokha. N'chifukwa chake ndinkatseka chitseko pogwira ntchito, anzanga n'kumati Tapati ndi wodzimva. Manja onse aulemu aja, amene makolo a ku Bengal konse anawayamikira, ndinawajambula ndi dzanja loletsedwalo.

Imene inatikweza inali nkhani yotchedwa Mwana wa Woolotsa. Inali ya mtsikana dzina lake Kinue, amene madzi osefukira anamulekanitsa ndi mayi ake ali ndi zaka zinayi. Anamutola mkulu wina woolotsa anthu pabwato, ndipo Kinue atakula anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi kufunafuna mayi akewo. Ana anapenga naye. Pa chionetsero cha mabuku cha mu Januwale mzere wa ogula unkapinda mpaka kwa ogulitsa nsomba zokazinga. Tinafika antchito khumi ndi anayi. Nirmalya-da anagula galimoto asanaphunzire kuyendetsa, n'kumakhalamo masana akudya mtedza.

M'nkhani yonseyo Kinue yekha ndi amene sankafuna kukonzedwa. Tsamba likatembenuzidwa, onse ankagwira timitengo todyera mpunga ndi lamanzere, iye yekha ndi lamanja. Tanthauzo lake ndinkalidziwa. Munthu wamanzere sangalephere kuzindikira mnzake. Kwawo ku Japan mtsikanayu anali ngati ine. Ndinangokhala chete, n'kumakonza enawo kuti afanane naye. Ndinkaona ngati ndamubisa bwino, kuti kuno asamumange ndi nsalu. Masana ena ndinkamulankhula ndithu, chitseko chili chotseka, ndipo sindichita nazo manyazi.

Kenaka wojambula nkhaniyo ku Japan anadwala. Buku la 22 linathera pamene Kinue waima pakhomo la nyumba ya alendo ina kumapiri, ndipo la 23 silinabwere. Chaka chinatha, china n'kutsatira. Ana owerenga mabuku athu aja anakula n'kupita ku Bangalore kukagwira ntchito za makompyuta. Obwera pambuyo pawo ankawerenga nkhani za ku Japan pafoni, m'Chingerezi, sabata yomwe zatuluka, osatembenuza tsamba ngakhale limodzi. Mabuku athu ankawatcha a agogo.

Antchito anachoka mmodzimmodzi, aliyense n'kusiya kapu yake pashelefu. Sindikudziwa chifukwa chake sitinawataye makapuwo. Galimoto inagulitsidwa. Tinatsala awiri, Nirmalya-da kutsogolo ndi nyuzipepala yake, ine kuseri ndi burashi youma. Tsiku lonse munkangomveka fani ya kudenga ndi ogulitsa mabuku akale akuitanira anthu kunsi kumsewu. Chitseko changa ndinkatsekabe, ngakhale kunalibe woti n'kundisuzumira. Kunyumba nakonso kunalibe wondidikira. Ndinkasungulumwa koopsa, koma ndinkabwerabe m'mawa uliwonse chifukwa Kinue anali ataima pakhomo paja.

Patatha zaka zisanu ndi zinayi phukusi la buku la 23 linafika kuchokera ku Japan. Womasulira wathu wakale, amene tsopano ankakhala ku Pune, anatitumizira mawu ake m'Chibengali. Nirmalya-da anandiitana kuti tiwerengere limodzi, iye akuwerenga mokweza, ine ndikutsegula masamba a Chijapaniwo.

M'nyumba ya alendo ija munali mayi wina wophika. Anaika mbale ya mpunga patsogolo pa Kinue, n'kuona mlendo akutola timitengo. Tsamba lonse linali chithunzi chimodzi: dzanja lamanzere la Kinue. Nirmalya-da anawerenga mawu a mayiyo pang'onopang'ono.

"M'mudzi mwathu monse mwana mmodzi yekha ndi amene ankadya ndi dzanja limenelo. Anthu ankati ndimuwongole. Ine ndinakana."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Tapati, taphedwa. M'mabuku athu makumi awiri ndi awiri mwanayu amadya ndi lamanja ngati wina aliyense. Mayi ake amudziwa bwanji?"

Mtima wanga unali pa mawu aja akuti ine ndinakana.

"Chabwino, tichite chonchi," anapitiriza. "Umujambule kachipsera pakhosi. Mawu tisintha, mayiyo aziti ndakudziwira chipsera. Ntchito ya mphindi khumi."

"Chipsera chimene chakhala chikubisala kuti zaka zonsezi?"

"Mu kolala! Iwe, ukufuna ndikuphunzitse ntchito yako?"

"Sindijambula, Nirmalya-da."

"Ati chiyani?"

"Sindijambula. Lino tisindikize momwe liliri, osatembenuza. Ndinamulanda kale dzanja mwanayu. Ndisamulandenso mayi ake."

Ndinaika dzanja langa lamanzere patebulo ngati wakuba akubweza katundu. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Iye anangoseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Ukuganiza kuti ndine wakhungu? Zaka zonsezi inki imakhala kudzanja liti? Aliyense muno ankadziwa, mwana iwe. Tinkangokusiya ndi chitseko chakocho."

Zinandipweteka kuposa nsalu ya azakhali ija. Ndinadzitsekera ndekha zaka zonsezo kubisa chinthu chimene anthu ankachiona tsiku ndi tsiku, pamene iwo ankamwa tiyi ndi kuseka kuseri kwa chitseko changa.

"Sindikiza momwe ukufunira," anatero akuvalanso magalasi. "Adandaule ndani? Mphunzitsi wa ku Howrah uja anamwalira kalekale."

Tinasindikiza ochepa. Patsamba loyamba ndinalembapo ndime yofotokoza zonse ndi kupepesa, n'kusainira dzina langa. Pa chionetsero cha chaka chimenecho anatipatsa kakona pafupi ndi matanki a madzi. Mawondo a Nirmalya-da anali atakana, ndiye ndinkakhalapo ndekha. Masiku asanu ndi limodzi anadutsa anthu akungofunsa njira ya kuchimbudzi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunabwera mayi wina wachitsikana, chikwama cha kuofesi chili paphewa. Ataona chikuto anaima chilili, n'kugwira pakamwa, kenaka n'kunditchula Didi, kutanthauza achemwali.

"Didi, latuluka? Zoona latuluka? Ine ndine Sohini, ndinkakulemberani makalata ndili kusukulu! Onse makumi awiri ndi awiri ndili nawo. Amuna anga amati ndiwagulitse kwa opanga timapepala tokulungira mtedza, ine ndimati muyambe mwagulitsa malaya anuwo."

Ndinaseka koyamba mwezi umenewo. Anatsegula bukulo, ine n'kumuonetsa kuti lino likuyambira kumbuyo. Ndime yanga yopepesa ija anaidumpha, ngati momwe aliyense amadumphira tsamba loyamba. Anawerenga ataimirira, chala chikusochera n'kubwerera, ine ndikumuyang'ana pankhope. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha, mmodzi basi, aone mayi uja akumudziwa mwana wake.

Atafika pa tsamba la dzanja lija anakwinya nkhope. Anabwerera masamba awiri, n'kupitanso kutsogolo.

"Didi, apa mwalakwitsa posindikiza. Kinue si wamanzere."

"Ndi wamanzere, mwana wanga. Anali choncho kuyambira pachiyambi. Ife ndi amene tinkatembenuza. Taona apa, ndalemba."

Anawerenga ndimeyo mwaulemu mpaka kumapeto, koma akupukusa mutu.

"Ayi, Didi. Ine ndinakula naye. Ndinkajambula manja ake m'makope anga a masamu mpaka kukwapulidwa nazo. Uyu ndi mtsikana wina. Wangayo sanawapezebe mayi ake." Anatseka bukulo bwinobwino. "Musakhumudwe. Mukadzakonza, mudzandiuze."

Ndinafuna kumuuza kuti manja amene ankakopera m'makope akewo anali oona, kuti Kinue yekha ndi amene sindinamukhudze ndi burashi. Koma ndikanayambira pati? Ntchito yanga ndinaigwira bwino kwambiri.

Anandibwezera bukulo ndi manja awiri, monga mwana woleredwa. Ine ndinalilandira ndi lamanzere, pagulu, koyamba chichokereni m'nyumba ya azakhali. Sohini analiyang'ana dzanjalo kanthawi, kenaka anayang'ana kumbali mondichitira manyazi, n'kulowa m'chigulu cha anthu.