Mpando wa Munthu Wamtali

Tsiku lomaliza kuwaona aConrad ali moyo ndinali nditagwada m'kati mwa motoka yao, nditagwila mpando kuti usasunthe. Akulu angawo anali atakhalapo, manja pa sitelingi, akuponda kilachi mobwelezabweleza. Motokayo inali Celica yakale yofiila, ya zitseko ziwili, imene anachita kuikokela ku galaji yao ku Nyimba ilibe injini. Anaidzutsa pang'onopang'ono, ati tsiku lina ikathamange pa mpikisano wa m'fumbi ku Lusaka. Mpandowo anaugula wogwilapo kale ntchito: chigoba chakuda cholimba, chokuya ngati mtondo, chokhala ndi mabowo opisamo malamba. Ukalowamo umakugwila m'chiuno osakusiya.

"Bweza kumbuyo pang'ono, Injiniya," anatelo.

Injiniyayo ndine, Vitalis. Ndinaphunzilako zamakina ku koleji mpaka mayeso anandionetsa chipata. Kumudzi ndinabwela ndi dzina lokhalo, pepala ayi.

"Akulu, ikanipo njanji," ndinatelo, "mpando uziyenda kutsogolo ndi kumbuyo. Enafe tili ndi miyendo ya anthu wamba."

"Njanji imagwedela. Imakwezanso mpando, mutu wanga uzigunda denga. Ndiika mabulaketi a m'mbali, chitsulo chochindikala, kuwotchelela pansi, basi. Ukagubuduka pa liwilo umafuna mpando wokhala pomwe unausiya."

"Nanga ine ndidzayendetsa bwanji?"

"Udzakula."

Ndevu ndinali nazo kale. Ndinalemba ndi choko pomwe mabulaketi akhale, ndinasamba m'manja, ndi kukwela minibasi kubwelela ku Petauke kumene ndimakhala ndi amai. Kutsanzika kwanga kunali kukweza chibwano.

Sabata yotsatila, atamaliza kuwotchelela, aConrad anakwela minibasi kudzapeleka nthochi kwa amai. Anapeza yodzaza, anawakhazika pa kampando kopinda ka pakhomo, kaja kamene kondakitala amakatukula ndi phazi. Tayala linaphulika pafupi ndi mphambano ya ku Minga. Munthu amene anasowetsa anthu mtendele miyezi ndi miyezi posankha mpando anafela pa kampando kopanda lamba, komangidwa ndi waya. Mkoko wa nthochi unafika kwa amai wosaphwanyika ngakhale imodzi. Tinaupeleka kwa ana a aneba.

Pogawa katundu, mabuluku ndi malaya anapita kwa asuweni athu, poti ine ndikanamilamo. Zipangizo za galaji zinapita kwa aJonas, mnzao amene ankagwila naye ntchito. Za motoka amalume anagamula chonchi:

"Mwini malo akufuna galaji yake mwezi uno ukatha. Ukaiyendetsa wekha kufika nayo kuno ku Petauke, ndi yako. Ukalephela, kuli munthu wa ku Chipata akufuna kuiphwasula agulitse zitsulo. Paja ndiwe injiniya."

Abale anaseka pang'ono, kuseka kwa pa malilo. Nanenso ndinaseka, kuti asaone ngati zandilowa.

Ndinapita ku Nyimba. Alamu anga aKaren, mkazi wa malemuwo, anandipatsa makiyi. Nyumba yao ili kuseli kwa galaji. Ndinatsegula chitseko, ndinadzitsitsa mu mpando uja, ndipo unandimeza. Kutsogolo ndinkangoona sitelingi ndi mitambo. Ndinatambasula mwendo mpaka m'chiuno munalila, chala chachikulu chinangokhudza kilachi ngati chikuipatsa moni.

Ndinakhala momwemo nthawi yaitali. Siponji inali itayamba kale kutenga msana wao. Malamba ankanunkha gilisi ndi sopo wao. Ndipo kuchokela pomwe ndinakhala kukafika pa kilachi panali mtunda umene sindinaukwanitse: umenewo ndiwo unali miyendo ya aConrad, ndendende. Zithunzi zao zonse mu foni yanga ndi za kuyambila pachifuwa kupita kumutu. Manda ndi mulu chabe, wofanana ndi wa aliyense. Kutalika kwao kunatsala apa pokha, pakati pa zitsulo ziwili ndi choponda.

AJonas anasuzumila pawindo. "Muli m'menemo, aInjiniya? Ndimati ndani waiwala chipewa pa mpando. Tidule mabulaketi, tisunthe, tiwotchelele. Nkhuku zisanalowe mudzakhala muli ku Petauke."

"Musakhudze."

"Nanga muziiyendetsa ndi pemphelo?"

Apa mpamene maphunzilo anga anaonekela. Ndinayamba ndi pilo kumsana. Koma mpando wa mpikisano si wa pabalaza: pilo anandikankhila kunja kwa chigoba, ndinakhala m'mphepete ngati mlendo wodikila kuitanidwa ku chakudya. Ndinayesa nsapato za aJonas zogwilila ntchito, zija zokhuthala kunsi, zinangovuka. Kenako ndinacheka zidutswa za thabwa la mukwa, ndinazimangilila pa zoponda zonse ndi mphila ya tayala la njinga. Ndinayeza ndi tepi, ndinajambula pansi, ndinawafotokozela aJonas m'Chingelezi.

Injini inalila mpaka malata a galaji ananjenjemela. Ndinasiya kilachi bwinobwino, motoka inayenda. Pofuna kuima, thabwa la pa buleki linapendeka ndi kugwela pansi. Celica ya mpikisano wa ku Lusaka inadutsa pabwalo pa liwilo la munthu wosenza ndowa, ine ndikupalasa mpweya ndi phazi, mpaka inakalowetsa mphuno m'khola la nkhuku za alamu. Tambala anakwela pa boneti ndi kundiyang'ana m'maso.

AKaren anatuluka sopo ali m'manja. Anayang'ana khola, anayang'ana ine, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi. Chimwalilile amuna ao ndinali ndisanawamve akuseka.

"Alamu! Ku koleji kuja amaphunzitsa kupha ndiwo ndi motoka? Mukanangonena kuti muli ndi nkhuli, mpeni ulipo. Inu amuna anga aang..."

Anaimila pomwepo. Kale ankanditchula choncho pondiseleula, amuna anga aang'ono, aConrad ndi kumati mutengeni, amadya kwambili. Anapukuta sopo pa chitenje, anabwela pawindo.

"Chavuta nchiyani? AJonas akuti mukukana kudula."

"Ndi muyeso wao, alamu. Ndikadula ndiye kuti..." Sindinamalize, ndinangoloza kumapazi ngati wopusa.

Anayang'ana zoponda zija ndi matabwa anga. "Mukuona chingwe choyanikapo zovala icho? Anamanga ndi akulu anu. Chikwatiwile ndakhala ndikukwela pa chidebe poyanika. Msomali wa kalilole, shelefu ya mchele, zonse zili kumwamba, nyumba yonse ndi ya munthu wamtali. Mailo ndinatsitsa chingwecho. Ndinalila mpaka aneba anabwela. Koma lelo ndayanika nditaima pansi." Anachotsa nthenga pa galasi. "Wa ku Chipata uja sadzadula mabulaketi okha. Ndipo khola langa mumanga ndinu."

Motoka tinaikankha kubwelela ku galaji. AJonas anatulutsa njanji yakale ya mu takisi, anaipaka gilisi.

"Nayi mumaililila ija. Mukamayendetsa, kutsogolo. Mukaima, mubweza pa malo a akulu anu. Aliyense wakondwa."

Ndinaitenga m'manja. Mkangano uja ndikanaupambana tsopano, popanda wondiyankha. Koma ndimadzidziwa. Madzulo alionse ndikanamabweza mpandowo kumbuyo ndi kukhalamo mapazi ali m'malele, mlonda wa miyendo ya munthu wakufa, mpaka imvi. Njanjiyo ndinaiika pansi.

"Mabulaketi omwewo. Tiwasunthe, tiwotchelele. Mpando tiukwezele pa mabowo apamwamba, ndizionako mseu."

"Ndiye dulani ndinu," anatelo aJonas, akundipatsa galainda yodulila zitsulo. "Ine ndinagwila nao powotchelela. Manja akukana."

Tinamasula mabawuti, tinatulutsa mpando. Kuwotchelela kwa aConrad kunali kosalala, mzele woongoka ngati msoko wa telala wabwino. Kudula kwanga kunali kwa munthu wotema nzimbe mumdima. Zothetheka zinandiwotcha mkono, ndipo ndinayamika, chifukwa ndinapeza chonamizila misozi. Poyeza malo atsopano ndinati kutsogolo, ndinatinso kutsogolo, mpaka aJonas anati ndikapitiliza ndikhala pa injini.

Khola ndinalimanga kaye, lopendama. Kenako ndinamanga malamba onse, ndinaponda kilachi, inafika pansi.

Pa mseu waukulu ndinayenda ngati ndanyamula mazila. Azimai ogulitsa nthochi anandikuwiza, anyamata a pa siteshoni anaimba mluzu kuti ndiponde, ine osaponda. Cha ku Minga anandipitilila mkulu wina pa njinga yamoto atanyamula mbuzi, mbuziyo ndi kundicheukila. Pa malo a ngozi paja panalibe chilichonse, udzu unali utapsa ndi lupsa ngati pena paliponse. Mpando unandigwila m'chiuno, sunagwedele ngakhale pang'ono.

Nditalowa pabwalo ku Petauke, amai anatuluka atamva injini, lichelo lili m'manja. Amalume ananyamuka pa khonde. Amai anayamba ayang'ana pamwamba pa windo, pafupi ndi denga, pomwe pakanakhala mutu wa aConrad, ndipo maso ao anakhala pamenepo kanthawi. Kenako anawatsitsa pang'onopang'ono mpaka anandipeza. Ndinazimitsa injini.

Loweluka, 17 Ogasiti 2024.