Mayi Omupeza a pa Siteji

Atelala analowa m'zisudzo kudzera pa singano. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamene kunabwera bambo wamtali atagwira kamtsikana padzanja, akufuna mikanjo ya mafumu yotchipa. Bamboyo ankatsogolera kagulu ka zisudzo za ana, koyendayenda m'masukulu pa minibasi yakale ya chitseko chomangira chingwe. Anzake ankamutcha Adalekitala. Mkazi wake anali atamwalira, n'kumusiyira kamwanako, kamene anthu ankakaitana kuti Kanyerere poti sikankakhala pansi.

Mikanjo inasokedwa, ukwati unatsatira. Kanyerere anakulira m'manja mwa Atelala. Ndi iwo anamuzula dzino loyamba, ndi iwo anamufungatira pa benchi ya kuchipatala atadwala chikuku, ndipo mwanayo ankawaitana kuti amama popanda kuganiza kawiri.

Gululo linali la anthu ochepa, choncho aliyense ankasenza mbali zingapo. Adalaivala, oyendetsa minibasi ija, ankakhala mfumu, galu, nthawi zina mtengo. Mtsikana wina, amene ankamutcha Amisozi chifukwa ankatha kulira nthawi iliyonse akauzidwa, ndiye ankasewera ana amasiye. Atelala ankasoka zovala, kenako anayamba kukwera nawo pa siteji pakasowa munthu. Ntchito ya Adalekitala inali kutenga nthano zakale zomwe aliyense anazimvapo, n'kuzidula kuti zikwane pakati pa belu ndi belu.

Chaka chimenecho anasankha nthano ya mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi omupeza, amene anamutuma kukatunga madzi ndi sefa mpaka mbalame inamumvera chisoni. Mbali ya mayi omupezawo inagwera Atelala.

Ankakonzekera m'galaja ya mchimwene wa Adalaivala, pakati pa matayala akutha ndi fungo la oyilo. Adalekitala ankatchula mawu, osewera n'kumabwereza.

"Nsapato zamatope m'nyumba mwanga? Ukuona ngati ndinalemba wantchito?"

Atelala anaseka. Amenewo anali mawu awo a tsiku ndi tsiku.

"Pukuta pakamwapo, anthu angamati ndimakudyetsa dothi."

Anasekanso, Adalaivala n'kuwaloza chala.

"Tsono apa mwana waswa mtsuko," anatero Adalekitala. "Inu mumugwire pamkono, munene kuti: Ine sindinakubereke iwe, usanditopetse."

Kuseka kunathera pomwepo. Mawu amenewo Atelala anawanenapo kamodzi kokha, tsiku lomwe Kanyerere anadula ndi sizasi diresi la ukwati la kasitomala kuti asokere chidole chake. Atangowanena anagwada pansi kumupepesa mwanayo, ndipo amuna awo atabwera anawafotokozera okha, akulira.

Potuluka m'galajamo anawakokera pambali.

"Bambo a Kanyerere, mawu aja muwachotse."

"Ati?"

"Mukuwadziwa. Ndinakuuzani ngati amuna anga, osati kuti mukagulitse m'masukulu."

"Mayi, ana sapusitsika. Mukawapatsa mayi omupeza wa mano aatali amangoseka. Mawu enieni ndi amene amawalasa. Ndani angadziwe kuti ndi anu?"

"Mwana."

"Aa, ameneyo anaiwala kalekale."

Sewerolo linagwira mtima. Sukulu iliyonse, Atelala akangotuluka kuseri kwa nsalu atavala diresi lakuda, ana ankayamba kukuwa kuti mfiti, mfiti! Ankawagenda ndi makoko a zipatso ndi zitsekerero za mabotolo. Pasukulu ina kamwana kena kanakwawa mpaka kutsogolo n'kuwaluma mwendo. "Lero ndiye mwakolola, mayi," anatero Adalaivala akuwapaka mankhwala. Ahedi a m'masukulu ankauzana okha, mafoni osaleka kulira. Adalekitala ankayenda ngati akwera pamtambo.

Kenako anaitanidwa kusukulu ya Kanyerere.

"Kumeneko ndisinthane ndi Amisozi," anapempha Atelala.

"Amisozi angaopseze ndani? Ngakhale mphaka sangathawe."

"Ndiye ndidumphe mawu amodzi aja."

"Mukadumpha pamenepo, sewero lonse lagwa chagada. Musakhale ngati mwana, mayi. Ntchito ndi ntchito."

M'mawa wa tsikulo, akumupesa tsitsi, Atelala anayesa kumukonzekeretsa mwanayo.

"Zimene uone lero ndi masewera chabe, wamva?"

"Ndikudziwa, amama. Ndawauza kale anzanga onse kuti mayi anga ndi amene akubwera."

Anasewerera m'kalasi yaikulu, madesiki atawakankhira kukhoma, nsalu atayipachika pa chingwe kuchokera pawindo kufika pa msomali wa bolodi. Kanyerere anakhala kutsogolo kwenikweni, pakati pa anzake. Atelala atakalipa za nsapato zamatope, mwanayo anagwa ndi phwete, n'kugunda mnzake ndi chigongono.

"Amatero ndithu kunyumba!"

Anzakewo anaseka naye. Pa zopukuta pakamwa zinalinso chimodzimodzi. Kenako mtsuko unasweka. Atelala anagwira mkono wa Amisozi, amene misozi inali itayamba kale kutsika, koma anazengereza kunena mawu aja. Anaima choncho. Kuseri kwa nsalu kunamveka kunong'ona kwa amuna awo, kuwakumbutsa mawu ngati kuti awaiwala. Ananong'onanso, mokalipa. Atelala anawanena motsitsa, poganiza kuti mwina sangafike patali. Koma m'kalasimo munali zii, ndipo anamveka mpaka kukhomo.

Kanyerere sanaseke. Mnzake uja anatembenuka.

"Izinso amatero?"

Mwanayo anagwedeza mutu kuvomera. Sananame.

Sewero litatha, Atelala akupinda nsalu, anaona ana atamuzungulira Kanyerere pabwalo. Wina anamupatsa switi, wina pensulo. "Pepa, sitinkadziwa kuti si mayi ako enieni." Mphunzitsi wina wamkazi anamuitana, n'kumukwinya malaya kuyang'ana m'mikono. Atelala atamupatsa moni, mphunzitsiyo anangoyang'ana kumbali.

Chisoni cha anthu chimatsekemera, makamaka kwa mwana amene m'kalasi sankawerengedwa. Kanyerere anayamba kubwera kunyumba ndi timphatso. Akauzidwa kuti atsuke mbale yake, ankapita mwakachetechete, mutu uli pansi, akukoka miyendo monga ankachitira Amisozi pa siteji. Mawu oti amama anasowa m'nyumbamo. Akafuna kanthu ankangoima pafupi n'kuyamba kulankhula. Tsiku lina Atelala anamumva akuuza mayi woyandikana nawo nyumba kuti akazi a bambo atuluka.

Anawauza amuna awo. Iwo anati ndi ubwana, zitha zokha, ndipo anafunsa ngati diresi lakuda lija lachapidwa.

Nkhani ilibe miyendo koma inakafika kwa mayi aang'ono a Kanyerere, mng'ono wa malemu mayi ake, amene chiikireni maliro anali asanapondepo pakhomopo. Anabwera Loweruka masana. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamiyendo, madzi akumwa n'kukana.

"Tamva zonse, alamu," anatero, akuyang'ana Adalekitala okha. "Sukulu yonse ikudziwa. Mwana wa malemu achemwali sangazunzike ife tili moyo."

Atelala anayang'ana amuna awo. Anadikira kuti anene kuti mawuwo anawalemba ndi iwo, kuti m'nyumbamo simunagwepo ndodo, kuti mayi ameneyu ndi amene walera mwana kuyambira asanadziwe kumanga nsapato. Adalekitala anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kudenga.

"Zonsezo ndi zokokomeza, alamu," anatero. "Komabe mwina akapume kaye kwanuko. Nyengo ino tili ndi maulendo ambiri, pakhomo pazisowa munthu."

Atelala analongedza okha zovala za mwanayo. Anaikamo mafuta a khungu lake louma lija, n'kufotokoza kuti mkaka umamutsegula m'mimba. Mayi aang'onowo anati sangachite kuuzidwa za mwana wa mbale wawo. Kanyerere anatsanzika bambo ake powakumbatira. Kwa Atelala anangopinda mawondo pang'ono, maso ali pa chikwama.

Kuyambira tsiku limenelo Atelala anakana kukweranso pa siteji. Adalekitala ananyengerera, anakalipa, kenako anapeza mayi wina woimba kwaya. Mayiyo ankakuwa bwino, koma ana ankangoseka, osagenda ngakhale khoko limodzi. Adalekitala anabwera kunyumba atakhumudwa, n'kudziponya pampando.

"Sizikumveka, mayi. Iye uja amachita kukakamiza. Inu zimangotuluka mwachibadwa."

Ankaganiza kuti akuwayamikira. Atelala anawaikira madzi osamba.

Miyezi inapita. Kanyerere anamusamutsira sukulu ya kufupi ndi mayi ake aang'ono, ndipo nkhani yoti abwerere sinatchulidwenso. Minibasi inkanyamukabe m'mawa uliwonse ndi sewero lomwelo.

Tsiku lina Atelala ali pamzere m'sitolo yogulitsa nsalu, anamva mawu omwe anawadziwa asanatembenuke. Anali Kanyerere ndi mayi ake aang'ono, akusankha maliboni. Mwanayo anali atatalika, tsitsi atamumeta. Atawaona anazengereza, kenako anabwera, manja ali kumbuyo.

"Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, mwanan..." Atelala anameza mawuwo. "Kaya iwe? Khungu lija likuyabwabe?"

"Ayi. Bambo ali kuti?"

"Ali pa ulendo."

"Mukawapatse moni."

Mayi aang'onowo anamuitana ali pakhomo, ndipo anathamanga. Wogulitsa m'sitolomo anamuperekeza ndi maso, akumwetulira.

"Koma ndiye ulemu! Mwana wa ndani ameneyu?"

"Wa amuna anga," anatero Atelala. "Mundipatse ulusi woyera, ndi zipi wamfupi."