Wopima Mitengo wa ku Shimabala

Kwa zaka khumi ndi zinayi Lastone Sakala ankapima mitengo ya bulugamu pafamu ina ku Shimabala, ndipo palibe amene anamutchulapo wabodza kufikira Lachiwiri lija. Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. Ankaima pafupi ndi mtengo, n'kuzunguliza tepi pamene pafika chifuwa chake, n'kulemba nambala m'buku. Mitengo ikamanenepa bwino ankaisiya. Ikaleka kunenepa ndiye kuti yapanikizana, ndipo amuna a nkhwangwa ankabwera kudzapatulira, kugwetsa yofooka kuti yotsalayo ipume. Ntchito imeneyi ndiyo inkamusunga m'nyumba ya zipinda ziwiri mukomboni ya pafamupo, iye, mkazi wake Mwandida ndi zidzukulu zitatu. Kwina koti n'kupita kunalibe.

Tsono mwini famu analemba ntchito Taizya, mayi wophunzira za nkhalango, yemwe anatsika minibasi ya ku Lusaka atanyamula ndodo yoyera. Ndodoyo inali yotalika mita imodzi ndi masentimita makumi atatu, ndipo ankaiimika pamtengo uliwonse asanazungulize tepi. Lastone anaseka chamumtima. Sukulu yonseyo, munthu kukaphunzira kufuna chifuwa ndi ndodo!

Kusekako sikunafike masana. Taizya atapima mitengo makumi anayi anatseka buku la Lastone n'kumuyang'ana m'maso.

"Ba Lastone, manamba yanu na mitengo iyi siviziwana," anatero. "Buku ikamba ati inenepa chaka na chaka, koma iyi mitengo inaleka kudala kukula. Yenze ifunika kupatulira zaka zitatu kumbuyo. Munali kupima zoona, olo munali kulemba che muli nkhale pamthunzi?"

Lastone anaganiza za nyumba ija. Anaona kale katundu wake ali panja, Mwandida atakhala pamtolo m'mbali mwa msewu. Mantha ndi mkwiyo zinamugwira pamodzi, ndipo munthu zikamugwira choncho saganiza.

"Ine madamu? Ine kunama? Nipaseni tepi muone mweka!"

Anatsomphola tepiyo, nathamangira pamtengo wapafupi. Anaukumbatira monga ankachitira masiku onse, nawerenga mokweza. Nambala inali yomwe ija ya m'buku. Anapita pa wachiwiri, pa wachitatu, thukuta lili kamukamu, akufuula manambala ngati wogulitsa tomato pamsika wa Kafue. Onse anagwirizana ndi buku.

"Mwaona? Nanama pati?"

Taizya anangobwera n'kuimika ndodo yake pamtengo umene Lastone anali ataukumbatira. Nsonga ya ndodoyo inali pamwamba, tepi ya Lastone ili pansi, ndipo pakati pake munthu akanaikapo zikhatho zitatu.

Pamenepo Lastone anamvetsa. Msana unayamba kumuvuta zaka zinayi zapitazo, ndipo anaubisa mwaluso. M'mawa uliwonse Mwandida ankamuthowa ndi nsalu yotentha. Galimoto ya bwana ikamadutsa ankadziwongola ataluma mano, ikangopita n'kupindikanso. Koma chaka chilichonse msanawo unkapindika moonjezera, chifuwa n'kumatsika, tepi n'kumatsika nacho kumunsi kumene mtengo uli wonenepa. Mitengo sinkakula. Iye ndiye ankafupika.

"Simuli wabodza, ba Lastone," anatero Taizya, mawu ake atafewa. "Nizauza abwana ati ni msana."

Mayiyo ankaganiza kuti akumuchitira chifundo, chifukwa malamulo a pafamupo anali asanawadziwe. Wogwidwa ndi chinyengo koyamba ankalandira kalata yochenjeza n'kutsitsidwa kupita ku gulu la nkhwangwa, nyumba osamulanda. Koma wotha thupi sankasungidwa. Chaka chathacho Boyd wa pathirakitala, maso atangoyamba kuchita chifunga, anapatsidwa masabata awiri kuti atulutse katundu.

Lastone anafuna kugwada, koma msana unakana, moti anangogwira ndodo ya mayiyo ndi manja awiri.

"Madamu, napapata. Lembani ati ninanama."

"Bwanji? Mwangonionetsa manje manje ati simunaname."

"Lembani ati n'nali kugona pamthunzi. Lembani ati ndine waulesi, ndine kawalala, vilivonse. Koma msana musaulembe. Nili na bazukulu batatu mu nyumba ija."

"Bazakupelekani ku nkhwangwa. Na msana uyu?"

"Lembani che."

Taizya anakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Kenaka analemba, osamuyang'ana.

Mbiri inafika mukomboni iye asanafike. Azimayi a pampopi anasiya kulankhula pamene ankadutsa, ndipo mwamuna wina anafuula kuti mdala wa tepi wagwidwa. Zinamupweteka koopsa, koma anangoweramitsa mutu, pakuti bodzalo anachita kulipempha yekha.

M'mawa mwake anali m'munda womwe uja, nkhwangwa ili m'manja. Taizya anali atadutsamo kale ndi utoto wofiira, kuika chizindikiro pamitengo yoti igwe. Kapitawo wa gululo anaima chapatali akumuyang'anitsitsa. Lastone anakweza nkhwangwa, ndipo itafika paphewa msana unamubaya mpaka maso anachita mdima. Sanabuule. Anaitsitsa n'kuyamba kutema pang'onopang'ono, tizibanthu tikugwa ngati akusema mpini.

Mtengo woyamba unamutengera m'mawa wonse. Yopakidwa utoto wofiira inalipo mazana atatu.