Mapulosesa Awiri, Chikwama Chimodzi

"Fufutani, achimwene, mwalakwitsanso," anatero Taufiq akuloza pepala. "Mapulosesa awiriwo akhale ofanana ngati mapasa. Mukasakaniza, bolodi ikana kuyaka."

Calvin anafufuta n'kulembanso. Linali Loweruka masana, mu Novembala wa 2006, ndipo awiriwo anakhala pakhonde la nyumba ya Calvin ku Nguludi chifukwa m'kati malata ankawotcha. Taufiq anali mnzake wa kusekondale, wa ku Ndunde, amene tsopano ankakonza makompyuta ku Limbe. Calvin ankajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Ntchito inalipo yambiri. Vuto linali kompyuta: kuti ukwati umodzi ulowe pachimbale, makina akalewo ankalira maola khumi ndi awiri.

Kwa miyezi itatu Calvin ankangolota kompyuta yomanga yekha, chiwalo ndi chiwalo, yokhala ndi mapulosesa awiri, mitu iwiri yoganiza yogawana ntchito. Mwayi unapezeka kudzera mwa Habiba, mlongo wake wa Taufiq, amene ankakaoda katundu ku Joni. Ankanyamuka Lolemba pa basi, ndipo ananeneratu kuti wawasungira chikwama chimodzi chokha, chosapitirira makilo twente. Ulendo wina unali wa mu Epulo.

"Werengani timve," anatero Taufiq.

"Bolodi ya mipata iwiri. Mapulosesa awiri ndi mafani ake. Memori. Mahadidisiki awiri. Bokosi la magetsi lamphamvu." Calvin anatsegula magazini yakale imene inali pamwendo pake. "Ndiye kesi iyi, yoikamo zonsezi."

Inali yakuda, yaitali, ya galasi m'mbali, m'kati mukuwala timagetsi tabuluu.

"Makilo khumi ndi limodzi, iyo yokha," anatero Taufiq akuseka. "Mukumanga kompyuta kapena basi ya ku Joni?"

"Makasitomala amagula ndi maso, aise. Akalowa muno aone kuti afika pa situdiyo."

Phyllis, mkazi wa Calvin, anali chapatali pang'ono pamphasa, akusankha nandolo m'lichero. Anakweza mutu.

"Alamu, mitu iwiriyo ndi yachiyani kwenikweni?"

"Mutu umodzi susenza denga, alamu," anayankha Taufiq. "Wina akamakonza chithunzi ichi, mnzake ali pa chotsatira. Maola khumi ndi awiri aja atsika kufika mwina asanu ndi limodzi."

Phyllis anagwedeza mutu n'kubwerera ku nandolo wake.

Posakhalitsa kunamveka "Odi!" Anali Kristina wa ku Likoswe, akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Ukwati wake Calvin anaujambula mu Ogasiti. Kristina anakhala pansi pafupi ndi Phyllis, anapereka moni kwa onse, kenaka anayang'ana pansi.

"Ndabweranso, bambo. Aka n'kachitatu."

"Pepani kwambiri, chemwali. Kompyuta yathu ndi nkhalamba. Koma tikuitanitsa ina, yamphamvu zedi. Ikangofika..."

"Ifika liti?"

"Khirisimasi isanakwane."

Kristina anapotokola nsonga ya chitenje.

"Ine ndikhoza kudikira. Koma amayi. Tsiku la ukwati anali atagonekedwa kuchipatala, sanaone chilichonse. M'mawa uliwonse amafunsa, 'Kanema uja wabwera?' Masiku ano sakudzukanso pamphasa."

Calvin anatseka magazini ija. Analonjeza kuti ayesetsa, mawu amene ngakhale iye mwini anamva kuti alibe mchere. Phyllis anamupatsa Kristina madzi akumwa ndi mango angapo, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Atabwerera sanakhalenso pamphasa. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi amuna aja.

"Bambo a Thandie, ndilankhule?"

"Lankhulani."

"Inu mumajambula, mukabwera mumasiya kamera n'kupita kwina. Amene amakhala ndi kompyuta ija ndine. Vidiyo ya Kristina ndinamaliza kuidula mu Seputembala. Kuiika pachimbale ndayamba kanayi. Kanayi konse magetsi anathima. Ulendo womaliza kunatsala mphindi makumi awiri zokha."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani. Munati, 'Ikabwera yatsopano zonsezi zitha.'"

Taufiq anasiya kuseka. "Amathima nthawi yaitali, alamu?"

"Nthawi zambiri amangophethira. Mphindi ziwiri, zisanu, abwera. Koma ntchito yonse yapita, kuyambanso poyambirira."

Taufiq anavula kapu yake n'kukanda m'mutu. "Apa ndalakwa ndine. Ndimafunsa wojambula m'malo mofunsa wophika. Achimwene, mitu iwiri imadya magetsi kuposa umodzi, ndipo ikathimitsidwa mwadzidzidzi kawirikawiri, tsiku lina siidzadzukanso. Pakufunika yupiesi, bokosi la mabatire logwirizira kompyuta magetsi akaphethira."

"Tigula ku Limbe," anatero Calvin.

"Timene ndimationa ku Limbe n'tating'ono. Sitinganyamule chilombo ichi. Yoyenera ichokere ku Joni komweko."

"Imalemera bwanji?"

Taufiq anayang'ana magazini ija, kenaka mnzakeyo. "Makilo khumi ndi awiri."

Nkhuku inafika palichero n'kuyamba kujompha nandolo, ndipo palibe anaiingitsa.

"Nanga bolodi tiika m'chiyani?" anafunsa Calvin motsitsa. "M'makesi wamba siikwana."

"Kushopu ndili ndi chikesi chakale chochokera mu ofesi ina. Chotuwa, chophwanyika mbali imodzi. Koma m'kati ndi holo, ndipo mpweya umayenda bwino."

"Chonyansa?"

"Kwabasi."

Phyllis anaseka. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makasitomala anu sabwera kudzaona timagetsi, bambo. Amabwera kudzatenga ukwati wawo."

Calvin anatsegulanso magazini n'kuyang'ana chithunzi cha kesi ija nthawi yaitali. Kenaka anadula mzere pa mawu akuti kesi, n'kulemba pansi pake: yupiesi yaikulu. Anatembenuza pepalalo n'kulikankhira kwa mkazi wake pamodzi ndi cholembera.

"Mayi a Thandie, onani ngati tasiya china."

Phyllis anawerenga pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Anafunsa ngati mafaniwo anali aphokoso, chifukwa pochepetsa ndi kukweza mawu a kwaya ankafunika kumva bwino. Taufiq anasintha mtundu wa mafani. Anawerengetsanso kulemera kwa zonse: makilo khumi ndi asanu ndi anayi. Anapinda pepalalo, analiika m'thumba la malaya, n'kuthamangira minibasi kuti akampeze Habiba dzuwa lisanalowe.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Calvin anatchaja mabatire onse awiri a kamera, anafufuza tepi ya ukwati wa Kristina, ndipo iye ndi Phyllis anakwera njinga kupita ku Likoswe.

Anawapeza mayi aja atagona pamphasa m'chipinda chamdima. Kristina anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pake. Phyllis anagwada pambali, anatsegula kagalasi ka kamera, kakang'ono ngati bokosi la machesi, n'kukasendeza pafupi ndi maso awo. Zithunzi zinali zosadula, zogwedera, zopanda nyimbo yoikamo.

Mayiwo anaonera osaphethira mpaka pamene mwana wawo anatulukira pakhomo la tchalitchi, atavala zoyera. Anakweza chala chowonda.

"Bwezani pamenepo," anatero. "Ndionenso."

Phyllis anabweza.