Foni ya Pakati pa Nsanja Ziwiri

Mabwalo awiri a ndegewo anayandikana kwambiri, moti ndege zonyamuka uku ndi uko zinkadutsa malo amodzi mumlengalenga. N'chifukwa chake panali lamulo: woongolera ndege asanalole ndege kunyamuka, azinyamula foni yakuda, yomwe inkalira yokha ku nsanja yoongolerako ndege ya bwalo linalo, n'kumva chilolezo cha mnzake ndi khutu lake.

Mayi wa nsanja ya kum'mawa anagwira foniyo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo woyankha tsidya linalo anali mwamuna wake. Anzawo ankawaseka kuti banja lopemphana chilolezo kakhumi patsiku ndi lokhali.

Kenako bamboyo analongedza zake n'kupita kwa mkazi wina, koma ndandanda ya ntchito sinasinthe. Mawu omwe kale ankafunsa ngati mwana wamwa mankhwala tsopano ankangotchula manambala a ndege, ndipo mayiyo sankafunanso kuwamva. Tsiku lina anangoiliza foniyo kamodzi, ataigwirira kutali ndi khutu, n'kuiika. Bamboyo anamvetsa. Osapangana n'komwe, anakhala ndi lamulo lawolawo: ikalira kamodzi ndiye kuti ndege ikunyamuka, amene ali ndi yake panjira aimbenso, pakakhala zii ndiye kuti wavomera. Zinayenda bwino miyezi inayi. Mayiyo ankadziseka yekha kuti ali pabanja sanamvanepo chonchi.

Lachiwiri lina m'mawa, onse awiri ananyamula mafoni nthawi imodzi. Palibe inalira, poti onse anali atanyamula kale. Aliyense anaika yake, anadikira, n'kulola ndege yake kunyamuka.

Mayiyo anaona timadontho tiwiri pa rada tikuthamangira malo amodzi. Anauza woyendetsa wake kuti akhotere kumanzere msangamsanga. Timadonthoto tinagundana, kenako tinasiyana. Woyendetsayo anadzalemba m'lipoti kuti anaona nkhope za anthu m'mawindo a ndege inayo.

Patapita sabata, wofufuza anawaitanira onse awiri m'kachipinda kopanda windo. Anati wamvetsera zojambulidwa za miyezi inayi ndipo sanapezemo liwu ngakhale limodzi. Kenako anawaikira za Lachiwiri lija kuti amve: mafoni onse ali otsegula, anthu awiri akupuma masekondi atatu, aliyense osadziwa kuti mnzake ali pomwepo.

Anafunsa amene anayambitsa. Woyambitsayo, anatero, alandidwa chiphaso cha ntchito, winayo angoimitsidwa kwa kanthawi. Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, akuyembekeza kuti mwina anena kuti anali onse. Bamboyo anati sakukumbukira bwino.

"Ndine, bwana," anatero mayiyo.

"Anthu mazana awiri, mayi. Chinavuta n'chiyani kungoti halo?"

"Bambowa akanayankha."

Wofufuzayo anagwira cholembera kanthawi, koma sanalembe yankholo. Mayiyo anatulutsa chiphaso m'chikwama n'kuchiika patebulo. Bamboyo anangozyolika, maso ali pa nsapato zake zatsopano, zomwe mayiyo anali asanazionepo.