Adokotala Anamumana Jakisoni

Kalipentala wina ankadana ndi mizere. Ankati kuchipatala cha boma umalowa ndi matenda amodzi n'kutuluka ndi awiri, poti benchi la kumeneko limathyola msana. Ndiye chifuwa chitamukakamira kwa milungu isanu, thupi likutha mpaka kuboola bowo lina palamba, anaika sowo pansi n'kulunjika kukachipatala kolipira ka pakona, kaja ka makatani obiriwira.

"Adokotala, musavutike ndi mafunso," anatero atangokhala. "Ndi fumbi la matabwa ili. Mungondibaya jakisoni wamphamvu uja, mawa ndili ndi zitseko za eni ake."

Adokotalawo anali mayi wamfupi, wosapupuluma. Anamumvetsera pamsana, anamukweza pasikelo, kenako anadzuka n'kutsegula mawindo onse. Atakhalanso pansi analemba kalata.

"Jakisoni ndili naye, bambo, koma sindikubayani. Pitani kuchipatala cha boma akakuyezeni makhololo. Makina ake ali kumeneko, mankhwala akenso ali komweko. Ine pano ndingokupusitsani."

Kalipentala anapsa mtima. Munthu wadzibweretsa yekha, chikwama chili m'manja, iwe n'kumubweza? Anatuluka akung'ung'udza kuti mayiwa bizinesi saidziwa. Akanatha kupita kwina, poti obaya aliyense wopempha sasowa. Koma mmene anatsegulira mawindo muja zinamuchititsa mantha, ndipo mantha ndi amene anamudzutsa m'mamawa.

Anakhala pabenchi lodedwa lija mpaka dzuwa lili paliwombo. Patapita masiku awiri namwino anamuuza mosapita m'mbali kuti chinali chifuwa chachikulu. Chimachizika, anatero, bola kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa.

Pobwerera anadzera pakona paja, manyazi ali tho. Adokotala anamuonera pawindo natuluka kudzakumana naye pakhonde.

"Ndinakunyozani mumtima, adokotala," anatero akuyang'ana pansi. "Mukanandibaya tsiku lija, bwenzi ndikukutamani uku ndikupita kumanda."

"Ambiri amandinyoza, ndinazolowera. Ena sabweranso." Anaseka pang'ono, kenako anamuyang'ana m'maso. "M'chipinda mumagona ndi ndani?"

"Mayi akunyumba basi. Ana anakula."

"Sakutsokomola?"

Kalipentala anafuna kukana. Koma anakumbukira kuti mlungu wonsewo mkazi wake amati akamasesa m'mawa amaima kaye, dzanja lili pachifuwa. Iye anangoti ndi chimfine, n'kumugulira mapiritsi pagolosale. Zaka makumi atatu ali limodzi, ndipo ndi iye amene anabweretsa matendawo m'nyumba. Mtima unamupweteka kwambiri.

Kushopu sanapitenso tsiku limenelo. Anapeza mkazi wake akuchapa kuseri kwa nyumba, thovu lili m'mikono.

"Mwabwera msanga bwanji, bambo? Akuti chiyani kuchipatalako?"

"Ndikuuzani panjira, mayi," anatero, akumulanda beseni. "Tsukani m'manja, muvale. Ndikuperekezeni."